JOHN VON NEUMANN: MUNTHU AMENE ANAMANGIRA KOMPYUTA NKHOKWE

Pa msika wa Chikweo, kufupi ndi nyanja ya Chiuta, si chachilendo kumva mnyamata akudandaula kuti memole ya foni yake yadzaza. Wina amagula kakhadi kochepa ngati chikhadabo, n'kupita nako kwa wa kompyuta kuti akamuikiremo nyimbo. Mawu oti memole timawatchula tsiku ndi tsiku, koma ndi ochepa mwa ife amene tinafunsapo kuti kodi chitsulo chopanda mutu chimakumbukira bwanji, nanga nzeru imeneyi inayamba ndi yani.

Anthu amene anagwirapo ntchitoyi ndi ambiri, pakuti mutu umodzi susenza denga. Koma pali mmodzi amene dzina lake limatchulidwa kawirikawiri, ndiye John von Neumann. Iyeyu anali katswiri wa masamu amene sankaiwala chimene wawerenga. Analemba ndondomeko imene makompyuta ndi mafoni akutsatira mpaka lero, yakuti malangizo ndi manambala zizisungidwa pamodzi m'nkhokwe imodzi. Koma kumapeto kwa moyo wake, munthu yemweyu analephera kuphatikiza manambala amene mwana wa Sitandade 1 amawaphatikiza. Mbiri yake itithandiza kumvetsa mitundu ya memole, komanso itiphunzitsa kanthu kena za ife eni.

Ubwana wake

John anabadwa pa 28 Disembala 1903 mumzinda wa Budapest m'dziko la Hungary. Dzina lake la kwawo linali Neumann János, ndipo anali woyamba mwa ana atatu aamuna. Bambo ake, a Max Neumann, ankagwira ntchito ya banki ndipo anali opeza bwino. Banjali linali la Chiyuda. Mu 1913 mfumu ya dzikolo inawapatsa a Max ulemu wapadera, ndipo kuchokera pa ulemu umenewu John anadzayamba kulemba kamawu koti von patsogolo pa dzina lake.

Nzeru zake zinaonekera akadali wamng'ono. Olemba mbiri yake amanena kuti ali ndi zaka 6 ankatha kugawa manambala aataliatali m'mutu popanda pensulo. Alendo akabwera kunyumba ankamuonetsa tsamba la buku la manambala a telefoni, iye n'kuliyang'ana kanthawi kochepa, kenaka n'kumatchula mayina, makeyala ndi manambala osaphonya. M'nyumbamo munali mabuku oposa 40 ofotokoza mbiri ya dziko lonse m'Chijeremani, ndipo mwanayu anawawerenga onse. Atakula, mnzake Herman Goldstine anamuyesa pomufunsa m'mene buku lina la Charles Dickens limayambira. Von Neumann anayamba kulinena pamtima mpaka mnzakeyo anachita kumuletsa patapita mphindi khumi kapena kuposerapo.

Sukulu ya sekondale anaphunzira ku sukulu ya a Lutheran mu Budapest momwemo. Mphunzitsi wake wa masamu, László Rátz, anaona kuti mwanayu ngwapadera, ndipo anauza makolo ake kuti amupezere aphunzitsi a ku yunivesite omuthandiza padera. Asanakwanitse zaka 20, nkhani yake yoyamba ya masamu inali itasindikizidwa kale m'magazini ya akatswiri.

Maphunziro ndi ulendo wa ku America

Bambo ake ankaona kuti masamu sangamudyetse munthu. Motero anagwirizana kuti John aphunzire za kemisitili. Iye anamvera bambo ake, koma masamunso sanawataye. Anaphunzira kemisitili ku Berlin ndi ku Zurich, ndipo nthawi yomweyo analembetsa masamu ku yunivesite ya Budapest. Mu 1926, ali ndi zaka 22 zokha, anali atatenga digiri ya kemisitili komanso udokotala wa masamu. Kenaka anakagwira ntchito ku Göttingen pafupi ndi David Hilbert, mmodzi wa akatswiri aakulu a masamu a nthawi imeneyo, ndipo pambuyo pake anaphunzitsa ku Berlin ndi ku Hamburg.

Bambo ake anamwalira mu 1929. John anabatizidwa mu Mpingo wa Katolika asanakwatire Mariette Kövesi kumayambiriro kwa 1930, ngakhale kuti kwa zaka zambiri sanali munthu wa kutchalitchi. M'chaka chomwecho anapita kukaphunzitsa ku Princeton m'dziko la America. Mu 1933 anasankhidwa kukhala mmodzi wa mapulofesa oyamba a Institute for Advanced Study, pamodzi ndi Albert Einstein. Chimenechi ndi chaka chomwe Hitler anatenga ulamuliro ku Germany ndi kuyamba kuchotsa Ayuda m'mayunivesite, kotero kuti njira yobwerera inatsekeka. Mwana wake yekhayo, Marina, anabadwa mu 1935. Ukwati woyamba unatha mu 1937, ndipo mu 1938 anakwatira Klára Dán, wa ku Budapest komwe.

Nkhondo ndi bomba

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itavuta, boma la America linasonkhanitsa akatswiri ku Los Alamos kuti apange bomba la atomiki. Von Neumann anayamba kugwira nawo ntchito mu 1943. Gawo lake linali kuwerengetsa m'mene wonga ungapanikizire chitsulo cha plutonium kuchokera mbali zonse nthawi imodzi kuti chiphulike. Analinso m'komiti imene inakambirana za mizinda ya ku Japan yoti iphulitsidwe.

Bomba la mtundu umenewu ndi limene linagwa pa Nagasaki pa 9 Ogasiti 1945. Linaphulika pafupi ndi tchalitchi chachikulu cha Katolika cha Urakami n'kuchigumula, ndipo chaka chimenecho chisanathe anthu oposa 70,000 a mumzindawo anali atafa. Sitingafotokoze mbiri ya munthuyu moona ngati tibisa mbali imeneyi. Tiyeneranso kudziwa kuti chimene chinamukokera ku makompyuta poyamba chinali masamu a bombawa, omwe anali ochuluka kwambiri moti anthu owerengetsa pamanja sakanawamaliza msanga.

Makina anzeru koma oiwala

Tsiku lina mu 1944, pa siteshoni ya sitima ya Aberdeen, von Neumann anakumana ndi Herman Goldstine uja, amene pa nthawiyo anali msilikali wodziwa masamu. Pocheza, Goldstine anamuuza za makina amene ankapangidwa ku yunivesite ya Pennsylvania mumzinda wa Philadelphia. Makinawo ankatchedwa ENIAC, ndipo owapanga anali J. Presper Eckert ndi John Mauchly. Posakhalitsa von Neumann anapita kukawaona.

ENIAC inali chimphona. Inadzaza chipinda chachikulu, inkalemera matani pafupifupi 30, ndipo inali ndi mababu a magetsi pafupifupi 18,000. Inkaphatikiza manambala maulendo 5,000 pa sekondi imodzi. Koma inali ndi chilema: mkati mwake inkasunga manambala 20 okha pa nthawi imodzi, ndipo malangizo a ntchito sinkawasunga konse. Akafuna kuipatsa ntchito yatsopano ankachita kuzula mawaya n'kuwalumikizanso mwina, ndi kutembenuza maswitchi ambirimbiri. Ntchito imeneyi, imene inkagwiridwa ndi amayi asanu ndi mmodzi odziwa masamu, inkatenga masiku angapo, pamene kuwerengetsa kwenikweniko kunkatha mphindi zochepa.

Tiyerekeze ndi mlimi wamphamvu amene amatha kulima ekala yonse m'mawa umodzi, koma alibe nkhokwe, ndiponso tsiku lililonse muyenera kumuphunzitsanso kagwiridwe ka khasu. Mphamvu zake sizipindula kwenikweni. Apa mpamene panagona vuto la makina oyambawa: liwiro linalipo, koma posungira panalibe.

Lipoti la 1945

Eckert, Mauchly ndi anzawo anali atayamba kale kuganizira za makina achiwiri otchedwa EDVAC, ndipo von Neumann analowa nawo m'zokambiranazo. Iye analemba maganizo onse mwadongosolo m'lipoti la masamba 101 lotchedwa First Draft of a Report on the EDVAC, lomwe linatuluka pa 30 Juni 1945.

M'lipotili anagawa kompyuta m'zigawo zisanu, ndipo anazitchula ziwalo poyerekeza ndi thupi la munthu. Pali chiwalo chowerengetsa, chiwalo cholamulira, memole, khomo lolowetsera zinthu ndi khomo lotulutsira mayankho. Ziwalo ziwiri zoyambazo lero timazitchula ndi dzina limodzi loti purosesa. Mfundo yaikulu inali yakuti malangizo nawonso alembedwe m'manambala n'kusungidwa m'memole momwemo m'mene muli manambala owerengetsa. Kapena kunena kuti kompyuta izisunga m'nkhokwe imodzi chimanga pamodzi ndi kalata yofotokoza kaphikidwe kake.

Kodi zimenezi zimatheka bwanji? Kompyuta imadziwa zinthu ziwiri zokha: magetsi alipo, kapena palibe. Timalemba 1 ndi 0. Kamalo kamodzi kosunga 1 kapena 0 kamatchedwa bit, ndipo timalo 8 totere timapanga byte, imene imakwanira kusunga chilembo chimodzi. Memole ili ngati mzere wautali wa timabokosi ta ku positi ofesi, kalikonse ndi nambala yake. Purosesa imapita pa bokosi lina kukatenga langizo, imachita chimene langizolo lanena, imaika yankho m'bokosi lina, kenaka imapita pa bokosi lotsatira. Imabwereza zomwezi mosalekeza. Mukasintha zimene zili m'mabokosi, mwasintha ntchito ya makina onse osakhudza waya n'mmodzi yemwe. N'chifukwa chake foni imodzi yomweyo imaimba nyimbo, imatumiza ndalama, imajambulanso zithunzi. Pulogalamu iliyonse ndi malangizo chabe amene alowetsedwa m'memole.

Koma lipotili linabweretsanso udani. Goldstine analigawa kwa anthu ambiri lili ndi dzina la von Neumann yekha. Eckert ndi Mauchly anakhumudwa kwambiri poti maganizo ambiri a m'menemo anali awo, ndiponso chifukwa maloya anadzagamula mu 1947 kuti zimene zafalitsidwa kale munthu sangazitengere chikalata cha umwini. Komanso Alan Turing wa ku England, amene von Neumann ankamudziwa ku Princeton, anali atalemba kale mu 1936 za makina amodzi otha kugwira ntchito iliyonse malinga ndi malangizo amene apatsidwa. Choncho pamene mabuku amatchula ndondomekoyi ndi dzina la von Neumann, tizikumbukira kuti denga limeneli analisenza ambiri. Ubwino wa kufalitsako unali wakuti mayunivesite a m'maiko ena anawerenga lipotilo n'kuyamba kupanga makina awoawo.

Kufunafuna nkhokwe yeniyeni

Kulemba pa pepala kunali kosavuta. Chovuta chinali kupeza chinthu chimene chingasungedi ma 1 ndi ma 0 zikwizikwi, n'kumawabweza mwamsanga. Njira zitatu zinayesedwa von Neumann ali moyo.

Yoyamba inali ya Eckert. Ankatenga chubu chodzaza ndi mercury, chitsulo chamadzimadzi chija timachiona m'kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi. Manambala ankawasandutsa timaphokoso timene tinkalowa mbali imodzi ya chubu n'kukatulukira mbali ina, kenaka ankatibwezanso poyambira. Manambalawo ankangozungulira motero. Zili ngati mwana amene mayi ake amutuma sopo, mchere ndi machesi, ndipo njira yonse akupita akubwereza mawu atatuwa kuti asaiwale. Akangopunthwa n'kusiya kubwereza, zonse zathawa. Vuto lina linali lakuti ukafuna nambala ina unkayenera kudikira kuti ifike potulukira. Kompyuta ya EDSAC ya ku Cambridge, imene inayamba kugwira ntchito mu Meyi 1949, inagwiritsa ntchito machubu otere.

Yachiwiri inachokera ku Manchester, kwa Freddie Williams ndi Tom Kilburn. Iwowa anagwiritsa ntchito galasi longa la wailesi yakanema yakale ija yachimbuyo chachikulu. Bit iliyonse inali kadontho ka magetsi pa galasipo. Kadonthoko kankazimirira sekondi isanathe, choncho makina ankakalembanso mobwerezabwereza, monga munthu amene walemba ndi chala chonyowa pa simenti yotentha ya mu Okutobala ndipo ayenera kubwerezanso madzi asanaume. Ubwino wake unali wakuti unkatha kulumphira pa kadontho kalikonse nthawi yomweyo popanda kudikira. Memole yotere, yofika paliponse mwachindunji, ndiyo imatchedwa RAM. Pa 21 Juni 1948 kompyuta yaing'ono ya ku Manchester inayendetsa pulogalamu yosungidwa m'memole ya mtundu umenewu.

Von Neumann nayenso anali akumanga kompyuta yake ku Princeton, mothandizidwa ndi injiniya Julian Bigelow. Poyamba ankadikira mababu apadera osungira amene kampani ya RCA inkapanga, koma atachedwa anatenga njira ya Williams. Makinawo anayamba kugwira ntchito mu 1951 ali ndi magalasi 40, osunga manambala 1,024 a ma bit 40 iliyonse. Tikawerengetsa, amenewa ndi ma byte 5,120. Mukanati muikemo nkhani mukuwerengayi, ngakhale theka lake silikanalowa. Foni yotsika mtengo ya RAM ya 2 GB imaposa pamenepa maulendo oposa 400,000. Koma ndi kankhokwe kameneka anawerengetsera masamu a bomba la hydrogen ndi a kayendedwe ka mphepo. Mapulani a makinawa anawagawa poyera, ndipo ena anamanga ofanana nawo ku Los Alamos, ku Illinois, ku Israel ndi ku Australia.

Njira yachitatu inali ya timphete ting'onoting'ono ta maginito tolowetsedwa m'mawaya ngati mikanda. Kamphete kakalandira maginito ozungulira mbali iyi ndiye 1, mbali inayo ndiye 0. Timpheteti sitinkaiwala ngakhale magetsi azime. An Wang ndi Jay Forrester ndi ena mwa amene anayambitsa njirayi, ndipo inaikidwa m'kompyuta ya Whirlwind mu 1953. Kwa zaka pafupifupi 20 imeneyi ndiyo inali memole ya makompyuta ambiri, ndipo nthawi zambiri timpheteto ankatitunga pamanja ndi amayi a m'mafakitale.

Nkhokwe, dengu ndi chipande

Mu 1946 von Neumann, Goldstine ndi Arthur Burks analemba lipoti lina. M'menemo anavomereza kuti memole imene ili yaikulu, yachangu, komanso yotsika mtengo nthawi imodzi singapezeke. Choncho anati memole izikhala m'magulu: yaing'ono koma yachangu pafupi ndi purosesa, yaikulu koma yochedwa patali. Mfundo imeneyi ikugwirabe ntchito.

Amayi athu amaidziwa bwino nzeru imeneyi. Chimanga cha chaka chonse chimakhala m'nkhokwe. Ufa wa sabata ino umakhala m'dengu m'nyumba. Ufa wa nsima ya lero amautapira m'mbale n'kuika pafupi ndi moto. Ndipo umene akuthira mumphika pakali pano uli m'chipande m'manja. Palibe mayi amene amathamangira ku nkhokwe nthawi iliyonse akafuna kuthira ufa, nsima ingapserere.

Chipande ndicho timalo ta mkati mwa purosesa totchedwa register, tosunga manambala ochepa amene akuwerengetsedwa pa kamphindi komweko. Mbale ya pafupi ndi moto ndiyo cache, memole yaing'ono yachangu kwambiri yosunga zimene purosesa yangogwiritsa kumene ntchito kapena imene izifuna posachedwa. Dengu ndilo RAM, m'mene mumakhala mapulogalamu onse amene mwatsekula. Nkhokwe ndiyo hard disk kapena fulashi, m'mene zithunzi, nyimbo ndi makalata zimagona.

RAM ya masiku ano inatulukira von Neumann atamwalira kale. Robert Dennard wa kampani ya IBM analandira chikalata cha umwini wake mu 1968, ndipo mu 1970 kampani ya Intel inayamba kugulitsa kachipangizo kosunga ma bit 1,024. Bit iliyonse imasungidwa m'kachidebe kosaoneka ndi maso kotchedwa capacitor, kokhala ndi kaswitchi kake. Kachidebeka kamadontha, motero kamadzazidwanso kangapo pa sekondi iliyonse, monga muja zinkachitikira pa galasi la Williams. Ichi ndicho chifukwa chake magetsi akazima mukulemba pa kompyuta musanasunge, zonse zimatayika: zinali m'dengu lodontha, zinali zisanafike ku nkhokwe.

Nkhokwe zilinso za mitundu iwiri. Hard disk, imene IBM inatulutsa koyamba mu 1956, imalemba ndi maginito pa mbale zozungulira mothamanga. Fulashi, imene Fujio Masuoka wa kampani ya Toshiba ku Japan anatulukira m'zaka za m'ma 1980, ilibe chozungulira. Imatsekera magetsi pang'ono m'timalo totchingidwa bwino, kotero kuti amakhalamo ngakhale batire lithe. Kakhadi ka nyimbo ka pa msika wa Chikweo ndi ka mtundu umenewu. Koma timaloti timatopa tikafufutidwa ndi kulembedwanso kambirimbiri, ndiye si nzeru kusunga zinthu zofunika pa kakhadi kamodzi kokha. Palinso ROM, memole yongowerenga, yonga buku losindikizidwa kale. M'menemo mumakhala malangizo oyamba amene makina amatsatira mukangowayatsa.

Tsopano tingathe kusiyanitsa madandaulo awiri. Foni ikakana kulandira chithunzi chatsopano, yadzaza ndi nkhokwe, ndipo mankhwala ake ndi kufufuta zina kapena kuzisamutsira pa khadi. Koma ikamachedwa ndi kuima mutatsekula mapulogalamu ambiri, kawirikawiri lachepa ndi dengu, ndipo kugula khadi lalikulu sikuthandiza. Ndondomeko ya von Neumann ilinso ndi chilema chake: malangizo ndi manambala zimadutsa njira imodzi pakati pa memole ndi purosesa, ngati anthu ndi njinga pa mlatho wopapatiza. John Backus anatchula vutoli poyera mu 1977, ndipo cache ndi imodzi mwa njira zolichepetsera.

Sikuti von Neumann ankangoganiza za mabomba okha. Mu 1950 gulu limene iye anasonkhanitsa, lotsogoleredwa ndi Jule Charney, linagwiritsa ntchito ENIAC kulosera nyengo koyamba ndi kompyuta. Kulosera za maola 24 kunawatengera pafupifupi maola 24 omwewo, koma njira inatseguka. Lero mlimi wa mpunga kapena msodzi wa pa Chiuta akamamva za mvula ndi mphepo pa wailesi, akudya zipatso za mtengo umene unadzalidwa nthawi imeneyo. Mkazi wake Klára nayenso anali mmodzi wa anthu oyamba kulemba mapulogalamu, ndipo ena mwa iwo anayendetsedwa pa ENIAC mu 1948.

Matenda ndi imfa

Mu 1955 von Neumann anasankhidwa kukhala mmodzi wa akuluakulu a bungwe la boma la America loyang'anira za mphamvu ya atomiki. M'chaka chomwecho anayamba kumva kupweteka paphewa, ndipo madokotala anapeza kuti ndi khansa imene inali itafalikira kale. Posakhalitsa anayamba kuyendera mpando wa matayala. Mu Febuluwale 1956 Pulezidenti Eisenhower anamupatsa mendulo ya ulemu ali pampando womwewo, ndipo mu Epulo anagonekedwa m'chipatala cha asilikali cha Walter Reed mumzinda wa Washington. Pakhomo pa chipinda chake pankakhala alonda, poopa kuti angaulule zinsinsi za boma pobwebweta.

Ku chipatalako anatenga mapepala a buku limene ankalemba, loyerekeza kompyuta ndi ubongo wa munthu. M'bukumo anavomereza kuti akatswiri a nthawi yake sankadziwa malo enieni amene ubongo umasungira zimene timakumbukira. Sanalimalize. Linasindikizidwa mu 1958 ndi dzina loti The Computer and the Brain.

Poyamba mutu wake unkagwirabe. Mng'ono wake Michael ankamuwerengera sewero la Goethe lotchedwa Faust m'Chijeremani, ndipo akaima kuti atembenuze tsamba, wodwalayo ankapitiriza yekha mizere yotsatira pamtima. Koma matenda atafika ku ubongo zinthu zinasintha. Mwana wake Marina anadzafotokoza m'buku lake kuti bambo akewo anamupempha kuti aziwayesa timasamu tophweka, monga 7 kuphatikiza 4, kuti aone ngati nzeru zikadalipo. Marina anayesa kwa mphindi zochepa, koma chisoni chitamugwira anatuluka m'chipindamo. Anzake ananena kuti chimene chinkamuzunza koposa ululu chinali kuona nzeru zake zikumuthawa iye akudziwa. Mayi akenso anamwalira mu 1956, iye ali chigonere.

M'miyezi imeneyi anachita chinthu chimene chinadabwitsa anzake ambiri, omwe ankamudziwa ngati munthu wosalabadira za chipembedzo. Anapempha kuti amuitanire wansembe. Bambo Anselm Strittmatter, a chipani cha Benedikito Woyera, anayamba kumuyendera kawirikawiri, kukambirana naye, ndipo anamupatsa masakramenti otsiriza. Bambowa sanakometse nkhani. Ananena kuti wodwalayo anakhalabe ndi mantha aakulu a imfa mpaka kumapeto. John von Neumann anamwalira pa 8 Febuluwale 1957 ali ndi zaka 53, ndipo anaikidwa m'manda ku Princeton.

Zimene tingatolepo

Anzanga, ife ophunzira timasirira munthu woloweza msanga, makamaka mayeso akayandikira. Von Neumann anali ndi mphatso imeneyi koposa aliyense wa nthawi yake, ndipo anathandiza kuipereka kwa makina. Koma nkhokwe simasankha chimene mwiniwake aikamo. Memole ya ma byte 5,120 ija inasunga masamu a nyengo, inasunganso masamu a bomba, ndipo sinaone kusiyana kwake. Kakhadi ka m'foni mwathu nakonso kamalandira buku la sukulu ndi chithunzi chonyozetsa mnzathu mofanana.

Makolo athu anatisiyira mawu awiri oyandikana: kukumbukira ndi chikumbumtima. Choyambacho anthu anakwanitsa kuchiika m'galasi, m'timphete ta maginito ndi m'kakhadi konga chikhadabo. Chachiwiricho sichigulitsidwa pa msika uliwonse. Ndipo pamene choyamba chija chinamuthera John von Neumann pa bedi la ku Walter Reed, mafunso amene anatsala nawo anali a chachiwiricho.